Mayunitsi a Kafukufuku: Thokozo Kapena Nyambo?

Kale boma likafuna kudziwa za umoyo wa anthu ake linkatuma anthu kuti akaonane ndi eni ake maso ndi maso. Alembi a kalembera ndi alangizi a zaumoyo ankapalasa njinga kuchokera pa boma la Kasungu kumka kwa Santhe, kwa Wimbe, kwa Chulu kapena kwa Kaluluma. Akafika ankayamba aonekera kwa nyakwawa, kenaka n'kumayenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso awo. Masiku ano mbali ina ya ntchito imeneyi ikugwiridwa ndi lamya ya m'manja. Mlimi amatha kukhala ali m'chigafa kusoka fodya, foni n'kulira m'thumba, mlendo amene sadamuonepo n'kumupempha kuti ayankhe mafunso okhudza matenda, mankhwala ndi maliro a pabanja pake. Kawirikawiri pempholi limadza ndi lonjezo lakuti akatha kuyankha atumiziridwa mayunitsi. Lonjezoli ndi laling'ono, koma funso limene limabala ndi lalikulu. Kodi mayunitsi amenewa ndi thokozo loyenera kwa munthu amene wataya nthawi yake, kapena ndi nyambo yokolera mmphawi kuti aulule zimene sakadaulula?

Kafukufuku wa pa lamya adakula kwambiri m'Malawi mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 udalowa m'dziko muno m'mwezi wa Epulo. Kuyenda m'makomo a anthu kudasanduka choopsa kwa wofunsa ndi wofunsidwa yemwe. Chotero m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya National Statistical Office, mothandizidwa ndi World Bank, idayamba kuimbira mabanja mobwerezabwereza kuti imve mmene mliriwo udakhudzira thanzi lawo, ntchito zawo ndi chakudya chawo. Bungwe la Institute of Public Opinion and Research la ku Zomba nalonso, pamodzi ndi masukulu aukachenjede akunja, lidayesa kufunsa anthu pa foni za imfa za abale awo. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2022, zidasonyeza kuti anthu ankavomera kuyankha mafunso a maliro monga momwe ankavomerera mafunso a zachuma. Kafukufuku wotere amachitika m'njira zitatu. Pena munthu weniweni ndiye amaimba, pena amaimba ndi makina a mawu ojambuliratu ndipo woyankha amangodina manambala, pena mafunso amabwera ngati uthenga wolembedwa.

Njira zonsezi ndi zachangu ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi kutumiza magalimoto kumidzi, komabe zili ndi vuto limodzi lalikulu. Munthu amene wafikiridwa pakhomo amachita manyazi kupirikitsa mlendo, pamene foni amangoidula popanda wina womuona. Ambiri sayankha nambala yachilendo, ndipo ena amayamba bwino n'kusiyira panjira. Mlimi wa fodya sangavutike kumvetsa kuipa kwa zimenezi. Ku okushoni ya Chinkhoma wogula saona tsamba lililonse la m'belo. Amasolola timitolo tochepa, ndipo mtengo wa belo lonse umachokera pa timitolo timeneto. Ngati tosololedwato tikusiyana ndi fodya amene wabisika m'kati, mtengowo ndi wabodza. Kafukufuku nayenso amafunsa anthu ochepa kuti aimire mtundu wonse. Akayankha okhaokha amene ali ndi mpata, ophunzira ndi okhala m'tauni, boma limalandira chithunzi cha dziko lathanzi kuposa mmene dzikolo lilili, ndipo mankhwala, anamwino ndi ndalama zimagawidwa potsata chithunzi cholakwikacho.

Pofuna kuchulukitsa oyankha, ochita kafukufuku amapereka kangachepe, ndipo umboni ulipo wakuti njirayi imagwira ntchito. Mu 2017 akatswiri a sukulu ya Johns Hopkins ya ku America adayesa nkhaniyi ku Uganda ndi ku Bangladesh pofunsa za matenda osapatsirana. Oimbiridwa adagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba silidalonjezedwe kanthu, lachiwiri lidalonjezedwa mayunitsi ochepa kwa aliyense womaliza mafunso, ndipo lachitatu lidaikidwa pa maere, mmene munthu mmodzi mwa anthu 20 ankapata mphoto yokulirapo. M'maiko onse awiri, magulu olonjezedwa kanthu adayankha koposa gulu losalonjezedwa. M'Malawi momwe muno mphamvu ya kangachepe idaoneka kale mu 2004, ngakhale kuti sipadali pa foni. Rebecca Thornton adatsata anthu a m'maboma a Rumphi, Balaka ndi Mchinji amene adayezedwa kuti adziwe ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Mwa amene sadalonjezedwe kanthu, anthu 34 okha mwa 100 alionse ndiwo adapita kukamva zotsatira zawo. Koma kandalama kochepetsetsa kadachulukitsa chiwerengerocho kawiri. Tsono funso lakuti kodi njirayi imathandiza lidayankhidwa kale. Lotsala ndi lakuti kodi ndi yolungama.

Amene amaikira kumbuyo mayunitsi amayamba ndi mfundo ya nthawi. M'zigwa za Kasungu chaka cha mlimi wa fodya chilibe mpumulo weniweni. Dzuwa likamaswa mtengo m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala iye amakhala ali kudambo kuthirira nazale. Mvula yoyamba ikagwa amaokera, kenaka amapalira, kuthira feteleza ndi kuphata. Kuyambira Januwale amathyola, kusoka ndi kuyanika, ndipo akatha apo amasankha masamba ndi kudinda mabelo kuti msika ukamatsegulidwa cha mu Epulo akhale wokonzeka. Theka la ola limene munthu wotere wapereka kwa mlendo wa pa foni walichotsa pa ntchito imene imadyetsa ana ake. Kuwonjezera apo, m'midzi yambiri mulibe magetsi, kotero kuti moto wa m'foni umagulidwa kwa otchajitsa a pamsika kapena kwa mnansi amene ali ndi sola. Mafunso akatha, batire yatsika, ndipo mwini foni ndiye adzalipire kuti idzadzenso. Munthu amene wayankha mafunso popanda kulandira kanthu, kwenikweni walipira kuti athandize kafukufuku.

Mfundo yachiwiri ndi ya chilungamo pa kagawidwe. Pa kafukufuku mmodzi pamadyera anthu ambiri. Mkulu amene adalemba mafunso amalandira malipiro, mnyamata kapena mtsikana woimba foni amalandira malipiro, kampani ya Airtel kapena TNM imalandira ndalama za mphindi zonse zoimbidwa, ndipo wolemba lipoti amakwezedwa pa ntchito chifukwa cha lipotilo. Zikadakhala zodabwitsa kuti pa mndandanda wonsewu munthu yekhayo wosalandira kanthu akhale mwini mayankho, amenenso ndiye wosauka koposa onse. Mbiri ya dziko lino imachenjeza za thandizo laulere lopemphedwa kwa osauka ndi anthu amene akupindula nalo. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana kwa anthu apamudzi, koma m'minda ya azungu ya kumapiri a Shire adasanduka dzina la ntchito yokakamiza, imene idali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu 1915. Kufunsa mafunso pa foni sikungafanane ndi nkhanza imeneyo, komabe phunziro lake likadalipo: wopempha thandizo kwa mmphawi ayenera kudzifunsa kuti phindu la thandizolo likupita kwa yani.

Mwambo wa makolo nawonso sudana ndi kuthokoza ndi kanthu. Munthu akaitana anansi ku dima kuti amuthandize kulima, amaphika mowa kapena thobwa. Chakumwacho si malipiro a mizere imene yalimidwa, pakuti palibe amene amawerenga mizere ya mnzake. Ndi chizindikiro chakuti mwini munda waona thukuta la anzake ndipo walilemekeza. Chimodzimodzinso wopita kwa sing'anga amapereka chipondamthengo. Ichi sichigula kuchira. Chimangovomereza kuti munthuyo asiya ntchito zake, alowa m'tchire ndi kulasidwa ndi minga chifukwa cha wina. Ochita kafukufuku woyenda m'makomo akhala akutsata nzeru yofananayo popereka sopo kwa oyankha, monga momwe buku la Crystal Biruk lotchedwa Cooking Data, la mu 2018, likufotokozera za kafukufuku wa m'midzi ya m'Malawi. Kupatsa n'kuika, ndipo mlendo amene wathokoza amasiya khomo lotsegukira amene adzabwere pambuyo pake.

Komatu walira mvula walira matope. Mayunitsi omwewo amene amachulukitsa oyankha amabweretsanso zovuta zimene munthu woganiza bwino sangazinyalanyaze. Choyamba ndi chokhudza ufulu wa kukana. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene adakhazikitsidwa mu 1994, limaletsa kuyesera munthu zachipatala kapena zasayansi iye asadavomere. Koma kuvomera kuli ndi tanthauzo pokhapokha ngati kukana kudali kotheka. Ndalama imene kwa munthu wa pa ntchito ya pamwezi ndi yogulira zakumwa, kwa mayi amene ufa wamuthera mu Febuluwale ndi njira yokhayo yoimbira mwana wake wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kuti atumize thandizo. Anthu a ku Kasungu amene adaona njala ya mu 2002 amadziwa mmene njala imachepetsera zinthu zimene munthu angathe kukana. Mayi wotere angapirire mafunso a imfa ya mwana wake, imene sadafune kuikumbukira, chifukwa choopa kuti akadula foni mayunitsi apita.

Dziko lapansi lidaphunzira kuopsa kwa mphatso zotere m'njira yowawa. Ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama ku America, nthambi ya boma yoona zaumoyo idatsata amuna akuda osauka pafupifupi 600 kuyambira mu 1932 mpaka mu 1972. Ambiri mwa iwo adali ndi chindoko, koma sadauzidwe zoona za matenda awo, ndipo ngakhale pamene mankhwala a penisilini adapezeka iwo sadapatsidwe. Chimene chinkawasunga m'kafukufukuyo chidali chakudya chaulere, ulendo waulere wa ku chipatala ndi lonjezo la thandizo la maliro. Mafunso a pa foni salasa thupi la munthu ngati zimenezo, ndipo kungakhale kukokomeza kuyerekeza zinthu ziwirizi ngati zofanana. Koma munthu ali ndi zinthu zina zimene zingavulale kupatula thupi. Chinsinsi cha matenda ake chikatuluka chingamupasulire banja, ndipo chisoni chimene chadzutsidwa ndi mlendo amene sadzaimbanso chimatsala ndi mwini wake usiku wonse. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, limene lidayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2024, ndi umboni wakuti zinsinsi zotere ndi chuma chofunika mpanda.

Chovuta chachiwiri chimakhudza choonadi chenichenicho chimene kafukufuku akufuna. Mphoto ikakhala patsogolo, ena amayankha mothamanga kuti angofika kumapeto. Ena amanama zaka zawo kapena dera lawo akazindikira kuti ofunidwa ndi a msinkhu wakutiwakuti. Enanso, poona kuti mlendo wawakomera mtima, amamubwezera ulemu pomuuza zimene akuganiza kuti zimusangalatsa: amati ana onse amagona m'masikito pamene masikitowo adatchingira nazale, kapena amati adamaliza mankhwala a chifuwa chachikulu pamene adasiyira pakati. Palinso nkhani ya mwini foni. M'mabanja ambiri akumudzi foni ndi imodzi ndipo imakhala m'thumba la bambo. Mafunso a uchembere akabwera, bamboyo angayankhe m'malo mwa mkazi wake, kapena kuima pambali pake mkaziyo akuyankha, ndipo mayunitsi amalowa m'foni ya bamboyo. Zikatero kafukufuku amasanduka Kandimverere, amene adakanena za m'maluwa. Mayankho achuluka, koma choonadi chachepa.

Chovuta chachitatu chili pa njira ya maere. Kwa wochita kafukufuku njirayi ndi yokopa chifukwa anthu ambiri amayankha pamene olandira ndi ochepa. Koma pa anthu 20 amene ataya nthawi yofanana, 19 amapita chimanjamanja, ndipo chimene chawakoka ndi chiyembekezo chonga cha wotchova juga. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Kulipira thukuta lenileni ndi fodya wa pachala si chilungamo. Kuwonjezera apo, eni mafoni m'dziko muno adatopa ndi akuba amene amaimba kapena kutumiza uthenga wakuti munthu wapambana mphoto, cholinga chawo chili chakuti amubere ndalama za mu Mpamba kapena Airtel Money. Kafukufuku amene amayamba ndi mawu a kupambana amavala malaya ofanana ndi a mbala zimenezi. Ochenjera amadula foni, ndipo osachenjera amaphunzitsidwa kukhulupirira mawu amene tsiku lina adzawasaukitsa.

Chovuta chachinayi ndi chakuti malipiro angathe kufooketsa mtima wodzipereka. Midadada yambiri ya sukulu za pulayimale ndi zipatala zazing'ono za m'midzi idamangidwa ndi njerwa zimene anthu adaumba okha popanda wowalipira. Koma m'madera mmene mabungwe adazoloweretsa anthu alawansi pa msonkhano uliwonse, mlangizi wa zaumoyo akaitanitsa msonkhano wa ukhondo amayamba wafunsidwa ngati kuli kangachepe. Ngati bungwe lolemera lakunja lipereka mayunitsi ambiri lero, mawa Unduna wa Zaumoyo ukadzaimba wopanda kanthu m'manja pa nthawi ya mliri udzapeza makutu otsekeka. Nkhawa imeneyi idamvekanso mu 2017, pamene komiti ya National Health Sciences Research Committee idalamula kuti wolowa m'kafukufuku wa zaumoyo azipatsidwa ndalama zofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse. Ena adakondwa kuti osauka alemekezedwa, koma ena adadandaula kuti ophunzira ndi akatswiri a m'dziko momwe muno, amene alibe thumba lalikulu, alephera kuchita kafukufuku wawo.

Pomaliza pa zovutazi pali anthu amene mayunitsi sangawafike n'komwe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 33 okha mwa 100 alionse ndiwo adali ndi foni yawoyawo, pamene abambo adali 52 mwa 100. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma osowa foni akadali omwe aja amene matenda amawakonda: okalamba, amayi akumudzi ndi ogwira ntchito m'minda ya eni. M'maesiteti a fodya a ku Kasungu mwakhala mukugwira ntchito mabanja ochokera kutali, ambiri a kumwera, pansi pa dongosolo la utenanti, limene lamulo la ntchito lidaletsa mu 2021. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, limene lidamva kwa ana a m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, lidafotokoza za ana othyola fodya amene ankadwala mutu, chizungulire ndi nseru chifukwa cha chikonga cholowera pakhungu kuchokera ku masamba onyowa, chimene pa tsiku loipa chinkafanana ndi cha ndudu 50. Mwana wotere alibe nambala yoti aimbiridwe. Ngakhale mayunitsi atachuluka motani, kafukufuku wa pa foni yekha sangamve kulira kwake.

Mbali zonse ziwiri zikaikidwa pa sikelo, zimaoneka kuti kupereka mayunitsi pakokha si tchimo, ndiponso si chilungamo chokwanira. Chimene chimasiyanitsa thokozo ndi nyambo ndi chinthu chimene chikulipiridwa. Nyambo imabisa mbedza, ndipo msodzi amaipereka chifukwa akudziwa kuti nsomba ikadaona mbedzayo sikadayandikira. Thokozo silibisa kanthu. Limaperekedwa poyera, chifukwa cha nthawi ndi khama zimene munthu wapereka mwa kufuna kwake. Tsono mayunitsi ndi olungama akamalipira nthawi ya munthu, ndipo ndi oipa akamagula chilolezo chake kapena mtundu wa mayankho ake. Kusiyanaku kungaoneke ngati kwa pakamwa chabe, koma kuli ndi zizindikiro zimene aliyense angazione.

Chizindikiro choyamba ndi kukula kwa mphatsoyo. Iyenera kuyandikana ndi zimene munthu akadapeza pa ganyu ya nthawi yofananayo, kuphatikizapo mtengo wotchajitsira foni. Ikachepera apo ndi chipongwe, ndipo ikapyola kwambiri imachititsa khungu. Chachiwiri ndi dongosolo la mawu. Woimba ayenera kuyamba wanena dzina la bungwe lake, cholinga cha mafunso, kutalika kwake, ndi kumene mayankho adzapite, ndipo za mayunitsi zibwere pambuyo pa zonsezi. Chachitatu ndi ufulu wolumpha funso. Munthu amene wakana kufotokoza za imfa ya mwana wake kapena za magazi ake asalandidwe thokozo lake chifukwa cha kukanako, pakuti nthawi yake waitaya kale. Chachinayi, aliyense amene wayankha alandire mofanana ndiponso msanga, osati mwa maere. Lonjezo la mayunitsi limene silidakwaniritsidwe limawononga dzina la kafukufuku yense amene adzabwere m'mudzimo. Chachisanu, woimba afunse ngati woyankha ali payekha ndi pa nthawi yabwino, ndipo ngati sizili choncho apangane nthawi ina. Makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, monga ija yatchulidwa kale ndi inzake ya COMREC ya ku Blantyre, adakhazikitsidwa kuti aziunika zinthu ngati zimenezi kafukufuku asadayambe.

Woyankha nayenso ali ndi udindo wake. Ali ndi ufulu wonse wokana, ndipo wokana sadalakwire munthu. Koma amene wavomera n'kulandira thokozo wamangidwa ndi pangano lakunena zoona. Bodza la pa foni limaoneka lopepuka chifukwa wonamizidwayo sadziwika nkhope, komabe amene amapwetekeka nalo si woimbayo. Mliri wa kolera umene udayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa nthawi yotere, kudziwa midzi imene ikumwa madzi a m'zitsime zosatetezedwa ndi mabanja amene alibe zimbudzi ndiko kumalondolera kumene mankhwala a m'madzi ndi katemera ziyenera kupita. Munthu amene wanena kuti kwawo zonse zili bwino pofuna kusangalatsa mlendo wapatutsa thandizo limene likadafika kwa mnansi wake. Amenenso wakokomeza mavuto poganiza kuti alembedwa pa mndandanda wa olandira zaulere walanda thandizo la mudzi wina. Mlimi amene amabisa fodya woipa pakati pa belo amagwetsa mtengo wa alimi anzake onse, pakuti wogula akapusitsidwa kamodzi amakayikira belo lililonse.

Koma ngakhale zonsezi zitatsatidwa, pamatsala ngongole imene mayunitsi sangabweze. Anthu a m'midzi akhala akufunsidwa mafunso kwa zaka zambiri, ndipo dandaulo lawo ndi lakuti ofunsa amatenga mayankho n'kupita osabweranso. Pamene anthu saona chimene chimachokera m'zimene atengeredwa, mphekesera zimamera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'maboma a Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira kwina, anthu osalakwa adaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ndi zachitukuko adaleka kuyenda m'madera ena chifukwa cha mantha. Zifukwa za mphekesera zotere ndi zambiri, koma nthaka imene zimakondapo ndi kusakhulupirira alendo amene amatenga zinthu kwa osauka popanda kufotokoza. Wochita kafukufuku amene akuganiza kuti mayunitsi atseka nkhani yonse wasandutsa ubale kukhala malonda, ndipo pa malonda wogulitsa amakhala ndi ufulu wofunsa ngati sadaberedwe pa mtengo.

Malipiro enieni a mayankho ndi kusintha kumene mayankhowo amabweretsa. Foni yomweyo imene idafunsa ingathe kubwereranso ndi uthenga wa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka wonena zimene zidapezeka. Wailesi za m'madera, mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi angathe kuuzidwa zotsatira kuti azikambirane ndi kufunsa akuluakulu a boma chimene achitepo. Kuti lamya ingathe kupereka osati kungotenga zidaoneka pa ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, imene idayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, n'kufalikira dziko lonse, mmene munthu amaimba mwaulere kuti alandire uphungu wa zaumoyo. Ndipo chifukwa cha anthu aja opanda foni, kafukufuku wa pa lamya ayenera kukhala wothandizira chabe wa kafukufuku woyenda ndi miyendo, kuti mwana wa m'munda wa fodya ndi gogo wa kutsidya kwa Bua nawonso awerengedwe.

Mwachidule, munthu wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya amene wasiya ntchito yake kuti ayankhe mafunso a zaumoyo ayenera kuthokozedwa ndi kanthu kooneka, pakuti nthawi ya mmphawi ili ndi mtengo monga ya wina aliyense. Thokozolo likhale lapoyera, lofanana kwa onse, losapyola muyeso, ndiponso losamangiriridwa ku yankho lililonse. Wolandira abweze choonadi, ndipo wofunsa akumbukire kuti mayunitsi ndi chipondamthengo chabe. Chipondamthengo chikaperekedwa mlandu wa matenda umakhala usadathe, pakuti wodwala amayembekezabe mankhwala. Momwemonso mudzi umene wayankha mafunso umayembekeza kuona mankhwala m'chipatala chake, mjigo wokonzedwa ndi mlangizi wofika pa nthawi yake. Zimenezi zikamaoneka, anthu adzayankha lamya ya kafukufuku ndi mtima wonse, ndipo mayunitsi adzakhala pa malo ake oyenera, ngati thobwa la pa dima limene anansi amamwa podziwa kuti munda umene alima udzadyetsa mudzi wawo womwe.